Timapaketi totsekemera ta odwala shuga: kutsogolo alemba zero, kumbuyo kuli ma carbohydrate, zoona ndi ziti?

Esnart_waNgabu

Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso, amene mumadziwa za chipatala kapena amene mukukhala ndi matenda a shuga mundithandize chonde. Amayi anga anawapeza ndi shuga chaka chatha, akumwa metformin m'mawa ndi madzulo, ndiye kuchipatala anawauza kuti asiye kuthira shuga mu tiyi ndi m'phala. Tiyi wopanda shuga anamukana kwamtuwagalu, akuti bola kungomwa madzi otentha, komanso ndi munthu woti tiyi sadumpha olo kutenthe bwanji kuno ku Ngabu, Okutobala weniweni uja iwo kapu ili m'manja.

Ndiye achimwene anga amene ali ku Joni atumiza katundu pa basi, mkatimo muli zinthu ziwiri, kabotolo ka timapilisi ting'onoting'ono toyera toponya mu tiyi, komanso bokosi la timapaketi ta ufa woyera. Kutsogolo kwa bokosilo alemba zilembo zikuluzikulu kuti zero calorie koma nditatembenuza kumbuyo ndaona kuti kapaketi kamodzi ka galamu imodzi kali ndi carbohydrate 0.9g, ndipo pomwe alemba zimene anasakaniza choyamba ndi dextrose, kenako maltodextrin, sucralose ali kumapeto kwenikweni. Mwana wa achemwali anga ali folomu 3 akuti dextrose ndi glucose yemwe uja amakwera m'magazi. Nde apa mutu waima, kodi sikuti tikuwapatsa shuga yemweyo dzina lokha ndiye lasintha? Zero yo ikuchokera pati ngati muli carbohydrate? Nanga pakati pa timapilisi ndi timapaketi chabwino ndi chiti, ndipo angamwe tingati pa tsiku? Panopa ndaziika kaye pamwamba pa kabati, amayi akungondifunsa m'mawa uliwonse.

Abambo_aChisomo_Nchalo

Mwana wanga apatseni amayiwo timapilisito, musawazunze ndi tiyi wozizira mkamwa. Ine shuga ndakhala naye zaka ndithu ndipo ndimagwiritsa ntchito timapilisi, kamodzi pa kapu, ikakhala kapu yaikulu ija ya pulasitiki tiwiri. Ndili ndi kamakina koyezera kunyumba, ndikamwa tiyi wa timapilisi popanda chodyera nambala siisuntha kwenikweni, koma ndingodya buledi masilayisi atatu kapena mandasi awiri ndi tiyi yemweyo, pakatha maola awiri mupeza yakwera. Ndiye ine ndinaona kuti vuto silili m'kapu, lili pa mbale ili pambali pa kapuyo.

Chimene muwachenjeze ndi kakomedwe. Timapilisi tina timasiya kakuwawa kumapeto kwa lilime, makamaka ta saccharin, ukaponya tambiri ndiye kuwawako kumachuluka osati kutsekemera. Ayambe ndi kamodzi, lilime lizolowera.

China, ife kuno ku Nchalo takulira m'nzimbe kuyambira nthawi ya Sucoma ndiye anthu amakonda kunena kuti nzimbe ndi zachilengedwe sizingavute, ena amati shuga wa bulawuni ndi wabwino kwa odwala. Ayi ndithu. Shuga amene ali m'paketi wachokera mu nzimbe momwemo, woyera ndi wa bulawuni m'magazi amachita chimodzimodzi. Alendo akabwera ndi mtolo wa nzimbe kudzaona odwala, adye adzukulu.

Nesi_kuNsanje

Achemwali mwachita bwino kutembenuza bokosilo, ambiri amangowerenga kutsogolo basi. Mwanayo wanena zoona, dextrose ndi glucose, ndipo maltodextrin amapangidwa kuchokera ku sitalichi, nthawi zambiri wa chimanga, akalowa m'mimba amasanduka glucose mwachangu kwambiri. Koma mtima pansi, nkhani yagona pa kuchuluka kwake.

Chimene chikutsekemeretsa m'kapaketimo ndi sucralose uja mwamuona kumapeto. Ameneyu amatsekemera pafupifupi ka 600 kuposa shuga, ndiye wokwanira kapu imodzi ya tiyi ndi kafumbi koti simungakaone bwinobwino ndi maso, simungakatape ndi supuni, kangomatirira pa pepala. Ndiye opanga amamusakaniza ndi ufa wina kuti pakhale choti munthu agwire ndi kuthira, monga momwe timasakanizira mbewu ya chitowe ndi mchenga pofesa. Dextrose ndi maltodextrin ntchito yawo ndi imeneyo. Sucralose yekha thupi silimugaya kuti lipezemo mphamvu, wambiri amangodutsa, ndiye ma calorie onse a m'kapaketimo akuchokera ku ufa wodzadzirawo.

Tsopano tiwerengere. Galamu imodzi ya carbohydrate, kutanthauza shuga ndi sitalichi wa m'zakudya, imapereka ma calorie 4, calorie ndi muyezo wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya. Kapaketi kanuko kali ndi 0.9g, ndiye kuti ma calorie osafika 4. Supuni yaing'ono ya shuga yosefukira ayi, yosalaza pamwamba, ndi magalamu 4, ma calorie 16. Kapaketi kamodzi kamatsekemera ngati masupuni awiri a shuga, amene ndi magalamu 8 ma calorie 32, ndipo tonse tikudziwa kuti kwathu kuno sitisalaza supuni, timatapa mulu mpaka katatu. Ndiye amayi akachoka pa shuga kupita pa kapaketi achoka pa magalamu 8 kapena kuposa kufika pa galamu imodzi yosakwana. Si zero yeniyeni koma kusiyana kwake ndi kwakukulu. Zero ija imachokera ku malamulo a kalembedwe, ku America chinthu chikakhala ndi ma calorie ochepera 5 pa mulingo umodzi wodya amaloledwa kulemba 0, ndiye kapaketi kamodzi kamalowa mmenemo. Ine sindikondwera nako kalembedwe kameneka chifukwa munthu amaganiza kuti atha kuthira khumi osawerengera, pamene timapaketi khumi ndi magalamu 9 a glucose, masupuni awiri a shuga abwereranso. Mukapeza bokosi lolembedwa kJ m'malo mwa ma calorie, zambiri za ku South Africa zimalembedwa choncho, gawani nambalayo ndi 4.2 mupeza ma calorie.

Timapilisi ndiye tochepa kuposa apo. Kamodzi sikalemera olo gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu, chomangira chake nthawi zambiri ndi lactose, shuga wa mu mkaka, pang'ono, calorie imodzi sikwana. Ndiye pa tiyi ine ndingasankhe timapilisi, timapaketi musunge ta m'phala popeza ufa umasakanizika bwino. Makapu awiri atatu pa tsiku palibe chodetsa nkhawa pa zonse ziwiri.

Koma ndigwirizane ndi abambo a Chisomo, ndipo apa ndi pamene ndimafuna anthu azimva kwambiri tikakhala ku kiliniki. Munthu amabwera wadandaula usiku wonse za 0.9g ya m'kapaketi koma masana wadya mitanda inayi ya nsima ya ufa woyera, wamwera thobwa chikho chodzadza, madzulo mbatata yophika. Ufa wa chimanga magalamu 100 uli ndi ma carbohydrate opitirira 70. Silayisi imodzi ya buledi ili ndi pafupifupi 13 mpaka 15, kutanthauza kuti silayisi imodzi yokha ikufanana ndi timapaketi pafupifupi 15. Coca-Cola wamba ali ndi magalamu opitirira pang'ono 10 a shuga pa 100ml iliyonse, botolo la 300ml ndi masupuni pafupifupi 8. Sindikunena kuti amayi asiye nsima, munthu wa kuno sangakhale osadya nsima ndipo sitiuza aliyense zimenezo, koma mitanda ichepe, ikhale ya mgaiwa kapena yosakaniza ndi mapira, ndiwo zichuluke, therere, bonongwe, sangowa amene ali pakhomo paliponse kuno, nyemba, nandolo, nsomba za mu Shire. Thobwa ndi mahewu ndiye achepetse kwambiri, anthu amaziona ngati madzi othetsera ludzu nthawi yotentha ino chonsecho ndi ufa ndi chimera ndi shuga.

Chinthu china chofunika kwambiri, musachotse shuga weniweni m'nyumba. Shuga wa m'magazi amathanso kutsika kwambiri. Metformin yekha kawirikawiri satsitsa choncho, koma tsiku lina akadzawawonjezera glibenclamide kapena jakisoni wa insulin zimachitika, makamaka munthu akamwa mankhwala osadya kapena wapita kumunda kudimba m'mamawa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda, chizungulire, kuyankhula zosagwirizana. Kuno vuto ndi loti aliyense amakhala thukuta kale ndi kutentha ndiye anthu amangoti ndi dzuwa. Ngati muli ndi kamakina, nambala ikakhala pansi pa 70 kapena 3.9 pa makina owerenga mwa mtundu winawo ndiye kuti watsika. Pamenepo timapilisi ndi timapaketi sitithandiza olo pang'ono, mkamwa mutsekemera koma m'magazi simulowa shuga wokwanira. Sungunulani masupuni ang'ono atatu kapena anayi a shuga weniweni m'madzi amwe, kapena theka la botolo la Coca-Cola wamba osati wa Zero, dikirani mphindi 15, ngati sizikusintha bwerezani, kenako adye chakudya. Akakomoka musawathire kanthu mkamwa angatsamwe, thamangirani nawo kuchipatala. Onse a pakhomo adziwe zimenezi, ngakhale ana.

Jimmy_Dyeratu

Koma anesi ine ndili ndi mantha ndi zinthu zimenezi. Pa gulupu ya mpingo pa WhatsApp munazungulira voice note yoti WHO inalengeza kuti ma sweetener, zotsekemeretsa za m'malo mwa shugazi, amayambitsa khansa, ndipo akuti olo a WHO wo analetsa kuti anthu asamagwiritse ntchito. Azakhali anga atamva anataya kabotolo kawo m'chimbudzi pano akuthira uchi wa ku Mwanza, akuti wachilengedwe. Nde inu mukuti apatsidwe mayi okalamba, sitikuthawa shuga nkukagwa mu khansa apa? Makolo athu zinthu za m'mafakitale sankazidziwa ndipo matenda amenewa kunalibe.

Aphunzitsi_Bangula

A Jimmy nkhani imeneyo ili ndi pomwe inachokera koma voice note yo inadula pakati. Ndimaphunzitsa sayansi ndipo ana anandifunsa zomwezi m'kalasi, ndiye ndifotokoze momwe zinalili.

Mu Julayi 2023 bungwe la IARC, limene lili pansi pa WHO ndipo limaona za khansa, linaika aspartame m'gulu lotchedwa 2B. Aspartame yekha, osati ma sweetener onse, ndipo wa m'bokosi la achemwali a Esnart ndi sucralose. Gulu la 2B ndi la zinthu zimene umboni wake ndi wochepa, mwina zingayambitse mwina ayi, pakufunika kufufuzabe. Gulu 1 ndi limene umboni ndi wokwanira, ndipo mmenemo muli fodya ndi mowa, zimene zikugulitsidwa pa Dyeratu pomwepo tsiku lililonse popanda wotumiza voice note. Nthawi yomweyo komiti ina ya WHO ndi FAO yotchedwa JECFA, imene imaona mulingo woti munthu adye, inaunikanso nkusiya mulingo momwe unalili, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Chitsanzo chimene anapereka okha ndi choti munthu wolemera makilogalamu 70 angafunike kumwa zitini zopitirira 9 mpaka 14 za chakumwa cha diet tsiku lililonse kuti adutse mulingowo. Mayi woponya kapilisi kamodzi mu tiyi ali kutali kwambiri.

Mantha amenewa si oyamba. Saccharin ndiye wakale pa onse, anamutulukira mu 1879 ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, munthu wake Constantin Fahlberg. M'zaka za m'ma 1970 makoswe amene anapatsidwa saccharin wambiri zedi anadwala khansa ya chikhodzodzo, ndiye kuyambira 1977 ku America ankalemba chenjezo pa paketi. Patapita nthawi anapeza kuti zimene zimachitika mu mkodzo wa khoswe sizichitika mwa munthu ndipo mu 2000 chenjezolo analichotsa.

Zoti WHO inaletsa, imeneyo ndi nkhani ina ya mu Meyi 2023. Ananena kuti anthu asadalire ma sweetener ngati njira yochepetsera thupi chifukwa pakapita nthawi yaitali sizioneka kuti zikuthandiza, bola kuzolowera kudya zosatsekemera kwambiri. Koma analemba momveka kuti malangizowo sakukhudza anthu amene ali kale ndi matenda a shuga. Ndiye mnyamata wabwinobwino ngati inu palibe chifukwa chogulira timapilisi, ingochepetsani masupuni, WHO yomweyo imati zingakhale bwino shuga wothira asapitirire pafupifupi magalamu 25 pa tsiku, amene ndi masupuni ang'ono 6. Koma kwa mayi amene shuga ali kale m'thupi ndipo tiyi wopanda kanthu wawakanika, kusankha kuli pakati pa kapilisi ndi shuga, ndipo zimene shuga wokwera amachita tikuziona ndi maso m'midzi mwathu muno, maso kuchita khungu, impso kuwonongeka, zilonda za kumapazi zosapola mpaka kudula mwendo.

Za uchi ndiye azakhali anuwo muwauze msanga. Uchi pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi shuga, glucose ndi fructose, supuni yaikulu imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 17 a carbohydrate ndi ma calorie opitirira 60. Njuchi kupanga sikusintha kanthu m'magazi. Ngati akufunitsitsa chochokera ku chomera kuli stevia, wotengedwa m'masamba a kachitsamba kochokera ku Paraguay, amatsekemera ka 200 mpaka 300 kuposa shuga ndipo alibe ma calorie, koma naye akakhala m'kapaketi amamusakaniza ndi ufa wodzadzira, ndiye kutembenuza bokosi kuli pomwepo.

Ndiwonjezere pa masamu a anesi aja. Si ma sweetener onse amene alibe ma calorie paokha. Aspartame, amene James Schlatter anamutulukira mu 1965, amapangidwa ndi ma amino acid awiri, tizigawo timene timapanga mapuloteni, ndipo thupi limamugaya, galamu imodzi ili ndi ma calorie 4 ngati shuga. Kungoti amatsekemera ka 200, ndiye pamene mukanathira magalamu 8 a shuga mukufunika mamiligalamu 40 okha, calorie imodzi sikwana. Saccharin, acesulfame K ndi sucralose ndiye thupi silipezamo mphamvu. Pa zinthu za aspartame mudzaona alemba kuti muli phenylalanine, chenjezo limenelo ndi la anthu obadwa ndi matenda osowa kwambiri otchedwa PKU, silikukhudza odwala shuga.

Popeza kuno katundu wina amalowera pa Marka kuchokera ku Mozambique ndipo amalembedwa Chipwitikizi, njira yosavuta ndi kuyang'ana manambala, amakhala amodzimodzi chilankhulo chilichonse. E950 ndi acesulfame K, E951 aspartame, E952 cyclamate, E954 saccharin, E955 sucralose, E960 stevia. Ndipo pa mndandanda wa zosakaniza, cholembedwa koyamba ndi chimene chachuluka.

Zoti makolo athu matenda amenewa kunalibe, mbali ina ndi zoona chifukwa ankadya mapira ndi mchewere, ankayenda pansi mtunda wautali, zakumwa za m'mabotolo zinali za pa Khirisimasi. Mbali ina ndi yoti kunalibe woyeza, munthu ankangowonda, kukodza pafupipafupi, nkumwalira anthu nkumati amulodza.

Esnart_waNgabu

Takhuta kwambiri nonse, anesi ndi aphunzitsi Mulungu akudalitseni. Ndawawerengera amayi zonse ndipo za shuga wotsika zija sitinkazidziwa, ndauza ana onse pakhomo. Funso lina, achimwene aimba akuti ku Joni m'mashopu muli shelefu yonse ya odwala shuga, chokoleti, mabisiketi, maswiti, jamu, zonse zolembedwa sugar free, akufuna atumize mwezi wamawa. Zimenezonso ndi chimodzimodzi ndi timapilisi? Komanso anaona shuga wina wolembedwa fructose akuti ndi wa zipatso.

Nesi_kuNsanje

Ayi achemwali zimenezo ndi nkhani ina, auzeni achimwene asawononge ndalama, bola atumize timapepala toyezera shuga ngati mungapeze kamakina, timeneto ndi timene timadula ndi kusowa.

Chokoleti kapena switi sungapange ndi kafumbi ka sucralose kokha, pamafunika chinthu chodzadza malo a shuga. Ndiye amagwiritsa ntchito gulu lina, mayina ake amathera ndi ol, sorbitol, maltitol, xylitol, erythritol. Amenewa ndi ma carbohydrate ndithu ndipo ali ndi ma calorie, sorbitol pafupifupi 2.6 pa galamu, xylitol 2.4, maltitol 2.1, kuyerekeza ndi 4 wa shuga. Erythritol yekha ndi amene ali pafupi ndi zero. Ndipo sathira pang'ono ngati sucralose, amathira magalamu ambirimbiri chifukwa kutsekemera kwawo ndi kofanana kapena kochepera pa shuga. Maltitol, amene amakonda kuika mu chokoleti, amakwezabe shuga wa m'magazi, mochepera koma amakweza. Chinanso thupi silimayamwa onse, otsalawo amakakoka madzi m'matumbo, munthu akadya maswiti angapo mimba imatupa, mphepo, kenako kutsegula. Amayi ali kale pa metformin amene anthu ena amawasokoneza m'mimba, kuphatikiza kutentha kwa kuno, kutsegula m'mimba kwa munthu wamkulu wodwala shuga si nkhani yaing'ono, madzi amatha m'thupi msanga. Ngati pakhomo pali galu, xylitol ndi poizoni kwa agalu, ana asamuponyere chingamu.

Mabisiketi ndiye osanena, achotsa shuga koma ufa wa tirigu uli pomwepo ndi mafuta, mukaona kumbuyo pa magalamu 100 mupeza ma carbohydrate ochuluka pafupifupi ngati mabisiketi wamba. Musamayang'ane mzere wa shuga wokha, yang'anani mzere wa carbohydrate yense. Fructose naye ndi shuga, ma calorie 4 pa galamu, kamakina sikamuonetsa msanga chifukwa amayamba wapita ku chiwindi koma si woti munthu azithira ndi supuni. Chenjeraninso ndi mapaketi ena olembedwa lite kapena blend, amenewo ndi shuga weniweni wosakaniza ndi sweetener pang'ono. Amayi akalakalaka chotsekemera bola kachidutswa ka papaya, gwafa, masau ochepa nthawi yake, bango limodzi laling'ono osati beseni, ndipo adye atangomaliza chakudya.

Mai_Fizesi_Nchalo

Pepani ndilowererepo ndi langa. Ine ndimagulitsa mafizesi a malambe ndi a bwemba pa msika, shuga wakwera mtengo ndiye phindu likuchepa. Mnzanga wina anandionetsa kaufa koyera ka m'kapepala kopanda dzina, akuti amagula kwa anthu obwera nako, kansonga ka supuni kamakwanira ndowa yonse. Nde ndimaganiza kuti mwina ndizithira kameneko, ndizinena kuti ndi mafizesi a odwala shuga omwe. Zingatheke?

Aphunzitsi_Bangula

Mayi kaufa kopanda dzina ako kasiyeni. Mwina ndi saccharin kapena cyclamate, koma palibe angakuuzeni kuti ndi chiyani, mphamvu yake ndi yotani, anasakaniza ndi chiyani. Mulingo wa zinthu zimenezi umawerengedwa potengera kulemera kwa thupi, ndipo amene amagula mafizesi kwambiri ndi ana a ku pulayimale, mwana wa makilogalamu 20 amafika pa malire msanga kuposa munthu wamkulu, makamaka pa cyclamate amene mulingo wake ndi wotsika ndipo satsekemera kwambiri, ka 30 mpaka 50 basi, ndiye amathiridwa wambiri. Kuyeza ndi nsonga ya supuni m'ndowa lero muthira pang'ono mawa muwirikiza osadziwa. Ngati mukufuna kuyesa gulani cha m'paketi yolembedwa bwino, dzina la chinthucho, wopanga, tsiku lothera ntchito, ndipo ogula muziwauza.

Mudziwiretu kuti fizesi yake idzasiyana. Shuga samangotsekemeretsa, amapangitsanso kuti madzi asaume gwa mufiriji, ndi chifukwa chake fizesi wabwino amalumika. Mukachotsa shuga yense mupeza chimwala cha ayezi, mwana akayamwa kukoma kumatha nkutsala madzi oyera. Malambe ndi bwemba ndi zowawasa, shuga ndi amene amaphimba, ndi saccharin yekha kakuwawa kaja abambo a Chisomo anena kamamveka kwambiri. Ngati mumawiritsa madzi anu, aspartame musamuthire pamoto chifukwa akatenthedwa amaphwanyika kutsekemera nkutha, sucralose, saccharin ndi acesulfame K ndi amene amapirira kutentha. Ndi chifukwa chomwecho chakumwa cha diet chikakhalitsa pa shelefu yotentha ngati za m'magolosale a kuno chimatha kusuluka kukoma tsiku lake lisanakwane.

Zolemba kuti a odwala shuga ndiye musayerekeze pokhapokha mulibiretu shuga wothira, ndipo olo choncho malambe ndi bwemba zili ndi ma carbohydrate akeake, bwemba makamaka ali ndi shuga wambiri ngakhale amawawasa. Wodwala akamva kuti ndi zake adzagula asanu nthawi imodzi pa dzuwa la masana. Mutha kupanga ochepa padera m'timapepala ta mtundu wina, a malambe osungunula kwambiri, nkumawauza kuti awa mulibe shuga muli sweetener wakuti, amwe mmodzi. A ana asiyeni ndi shuga wawo, mungochepetsa pang'onopang'ono mpaka pomwe makasitomala ayambe kudandaula.